"Kafukufuku waonetsa" wake utiyo?

Mawu akuti "kafukufuku waonetsa" andikwana. Kuchipatala kuno ku Mchinji sabata siitha osabwera munthu atagwira foni, akundionetsa uthenga wa pa WhatsApp woti madokotala akunja apeza ufa wothetsa shuga kapena BP, ndiye iyeyo mapilitsi wasiya kale. Abale anga, pepala kukhala la Chingerezi, lachidindo cha yunivesite, sikuti ndiye kuti zili momwemo ndi zoona ayi.

Muziyamba mwafunsa kuti anayesa anthu angati. Mu 1998 dokotala wina wa ku London, Andrew Wakefield, analemba mu magazini ya zachipatala ya The Lancet zoti katemera wa MMR, woteteza ana ku chikuku ndi matenda ena awiri, akukhudzana ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo wa mwana. Ana amene anawayeza anali 12 okha basi. Pambuyo pake zinadziwika kuti panali chinyengo, mu 2010 magaziniyo inachotsa nkhaniyo ndipo mkuluyo anamulanda chilolezo chaudokotala, koma apa n'kuti makolo ambiri atasiya kale kubayitsa ana awo ndipo chikuku chitayambiranso kuvuta ku UK. Ngati magazini yaikulu ngati imeneyo inapusitsika, nanga kapepala kofotokopa ka pamsika?

Chinanso, akamati anthu 9 pa 10 alionse anachira atamwa mankhwalawa, nanga amene sanamwe zinawathera bwanji? Chimfine chimatha chokha, olo mumwe madzi otentha okha mudzati madziwo ndi amene akuchizani. Konkuno ku Mchinji tinali ndi kafukufuku wa MaiMwana, mukuwakumbuka magulu a amayi aja, anagawa madera 48 ngati mwamaere, ena kukhala ndi magulu ena ayi, n'kumawerenga amayi oyembekezera ndi makanda kwa zaka ndithu asanatulutse zotsatira mu 2013. Kafukufuku weniweni amatero, amachedwa, amafananitsa, ndipo amanenanso pamene zinthu sizinayende.

Koma imene imandiwawabe ndi ya mayi wina wochokera chakumalire a Zambia. BP yawo inali itakhazikika bwinobwino, amabwera mwezi ndi mwezi osaphonya. Kenako anangosowa. Tsiku lomwe anabweranso anachita kuwanyamula pangolo, pakamwa patapotoka, mkono ndi mwendo wakumanja osagwira, mwana wawo n'kutulutsa m'chikwama botolo la ufa wobiriwira ndi kapepala kopindapinda akuti "adokotala, kafukufuku wake ndi uyu". Ndinakawerenga. Anayesa pa makoswe a mu labotale, munthu ngakhale mmodzi munalibe, ndipo pansi pake wina anachita kulembapo ndi bolopeni nambala ya foni ndi mtengo wa botolo. Mayiwo anagona kunyumba masiku angapo sitiroko itawagwira, achibale akuwamwetsabe ufa womwewo poganiza kuti ukuchedwa kugwira ntchito. Mpaka pano sayankhula.

Wogulitsa mankhwala akakhala yemweyonso wokuonetsani umboni, chenjerani naye. Mankhwala amodzi ochiza shuga, khansa, Edzi ndi kusabereka pakamodzi kulibe. Mufunseni ngati mankhwala akewo analembetsedwa ku PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, muone mmene azembere nkhaniyo.

Kapepalako bwerani nako tiwerengere limodzi, sitikukalipirani, koma mapilitsi a BP, a shuga kaya ma ARV musasiye musanatifunse. Ndipo munthu akangoyamba kupotoka pakamwa, chibwibwi chadzidzidzi kapena kufooka mbali imodzi, musadikire kuti kuche, musayimbirenso wogulitsa ufa uja, pezani kabaza kaya galimoto mubwere naye nthawi yomweyo.