Mkangano wa utsi wa sitima m'ma fjord a ku Norway

Ife a ku Lusaka tikamva za ulendo wa pamadzi timakumbuka Siavonga kapena Mpulungu, koma ma fjord a ku Norway ndi madzi a mtundu wina. Ndi zigwa zakuya zimene madzi oundana anakumba m'thanthwe kalekale, ndipo atasungunuka nyanja yamchere inalowamo. Sognefjord inalowa mumtunda makilomita opitirira 200, pena kuya kwake kumaposa mamita 1,300. N'chifukwa chake sitima yaikulu imatha kudutsa m'tsinde mwenimweni mwa phiri osakhudza pansi.

Kale madziwa anali msewu wa anthu a m'midzi imene mapiri anaitsekera. Mu 1893 Richard With anayambitsa ulendo wa Hurtigruten ndi sitima ya Vesteraalen, kunyamula makalata, katundu ndi anthu kuchokera ku Trondheim kukafika ku Hammerfest. Lero ulendowu umayambira ku Bergen mpaka ku Kirkenes, kuima pamadoko 34. Oyenda mongosangalala nawo sanachedwe. Mfumu ya Germany, Wilhelm II, inkabwera pafupifupi chaka chilichonse kuyambira 1889 mpaka 1914, ndipo olemera a ku Ulaya anatsatira.

Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika Geirangerfjord ndi Nærøyfjord pamndandanda wa malo oyenera kusungidwa ndi dziko lonse, alendo n'kuchulukirachulukira. Mudzi wa Geiranger uli ndi anthu mazana ochepa chabe, koma sitima imodzi imatsitsa anthu masauzande tsiku limodzi.

Vuto lili pa injini. Sitima ikaima sizimitsa zonse, chifukwa makhitchini, nyali, mafiriji ndi zipinda zogona zimafunabe magetsi, choncho mafuta amayaka tsiku lonse. Pakati pa nyanja mphepo ikanaumwaza utsiwo, koma mu fjord mapiri aima kuno ndi uko, ndipo Nærøyfjord pena yangotambalala mamita 250. Kukakhala bata, mpweya wozizira umatsalira pamwamba pa madzi, wofunda n'kuuphimba, utsi n'kusowa potulukira. Amene anaona utsi wa mbaula ndi zinyalala utayandama pamadenga a ku Kanyama m'mawa wa mu June akudziwa chimene tikunena. Opuma utsiwo tsiku ndi tsiku ndi eni mudzi, mlendo amachoka madzulo.

Mu 2018 Nyumba ya Malamulo ya Norway, Storting, inagamula kuti pofika 2026 sitima zolowa m'ma fjord otetezedwawa zisatulutsenso utsi. Chaka chomwecho boti la mabatire lotchedwa Future of the Fjords linayamba kunyamula anthu 400 pakati pa midzi ya Flåm ndi Gudvangen, umboni wakuti kwa zombo zazing'ono n'zotheka. Kwa sitima zikuluzikulu nkhani inalimba. Mabatire okwanira kulowa, kuima maola ambiri ndi kutulukanso ndi olemera komanso odula, ndipo mawaya a magetsi ofika kumudzi waung'ono sanamangidwire katundu wotere. Amalonda a ku Flåm ndi Geiranger, amene chakudya chawo chimachokera pa miyezi yochepa yofunda, anadandaula kuti lamulo liwalanda makasitomala. Mu 2024 boma linagawa lamulolo pawiri: sitima zosafika matani 10,000 ziyambe mu 2026, zazikulu zadikiridwa mpaka 2032.

Oteteza chilengedwe anakwiya, ndipo mkwiyo wawo ndi womveka, popeza sitima zotulutsa utsi wambiri ndi zomwezo zapatsidwa zaka zina 6. Palinso mpata wina umene ukutidetsa nkhawa. Lamuloli likukhudza ma fjord 5 okha: Nærøyfjord, Aurlandsfjord, Geirangerfjord, Sunnylvsfjord ndi Tafjord. Sitima ikhoza kukocheza padoko lina kunja kwa malirewo, alendo n'kukwezedwa mabasi a dizilo kudzera m'misewu yopapatiza ya m'mapiri kukafika komweko.