Kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi: uthenga kwa opalasa njinga mitunda italiitali

Amene mumachita masewera a njinga kumapiri a Angónia kapena Tsangano, dziwani kuti thupi lanu linazolowera kamphepo kozizira. Mukanyamuka ku Ulongue m'mamawa kutsikira ku Moatize ndi mzinda wa Tete m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pofika masana mumakhala muli m'chigwa momwe kutentha kumatha kupitirira madigiri 40.

Choopsa kwambiri n'chakuti mpweya wa kumeneko ndi wouma. Thukuta limauma likangotuluka, mphepo ya panjinga n'kumakunamizani kuti zonse zili bwino, chonsecho mukutaya madzi lita imodzi kapena kuposa pa ola lililonse. Chizindikiro chake muchione pa malaya ndi pa zingwe za chipewa: timizere toyera ta mchere. Pachikweza liwiro likachepa, mphepo ija imatha, ndipo thupi limatentha mofulumira.

Imwani pang'onopang'ono, pafupifupi theka la lita kapena kuposerapo pang'ono pa ola, osadikira kuti kukhosi kuume. Paulendo wa maola ambiri madzi okha sakwanira, ndipo kuwagugudiza mopitirira muyeso kumasungunula mchere wa m'magazi, munthu n'kudwala. Botolo limodzi likhale la madzi a mchere ndi shuga: lita imodzi ya madzi aukhondo, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Dziyezeni pa sikelo ponyamuka ndi pobwera. Kilogalamu imodzi yotayika ndi pafupifupi lita imodzi ya madzi. Mkodzo wochepa wooneka ngati tiyi ukutanthauza kuti mwachedwa kale. Thupi limafuna masiku 7 mpaka 14 kuti lizolowere kutentha, choncho masiku oyambawo palasani mtunda waufupi, m'mawa.

Mutu, chizungulire, nseru ndi kukokana kwa minofu zikayamba, tsikani, khalani pamthunzi, imwani. Ulendo wa tsikulo wathera pomwepo.

Koma mnzanu akayamba kubwebweta, kupsa mtima popanda chifukwa, kukhotakhota pamsewu kapena kukomoka, moyo wake uli pachiswe, ngakhale akutulukabe thukuta. Muziziritseni pomwepo musanaganize za galimoto. Mugonekeni pamthunzi, mumuvule zovala zothina, mumuthire madzi thupi lonse uku mukumukupiza ndi chitenje kapena katoni. Nsalu zonyowa ziikidwe pakhosi, m'khwapa ndi mphechepeche, ndipo muzizinyowetsanso zikafunda. Pamene pali madzi ozizira okwanira, mumvike mpaka m'khosi wina atamugwira mutu, koma osati mu Zambezi, muli ng'ona. Wosokonezeka mutu musamumwetse kanthu, angatsamwe. Paracetamol sachotsa kutentha kotereku, ndipo ibuprofen angawonjezere vuto la impso. Pitani naye kuchipatala mukumuthirabe madzi m'njira. Akamuyezenso malungo, pakuti zizindikiro zimafanana.

Nyengo yomweyi thambo limasintha mwadzidzidzi. Fumbi likatseka msewu, tulukani pa phula, chifukwa oyendetsa malole sakuonani, ndipo phimbani mphuno ndi nsalu. Mukamva mabingu musabisale pansi pa mlambe woima wokha. Lowani m'nyumba kapena m'galimoto, mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Musapumire m'makwawa ouma, chifukwa mvula yogwa kumtunda imawadzaza madzi pamene inu muli padzuwa.