Kukhuta sikutanthauza kuti thupi lalandira zimene likufuna

Pa mawu onse amene ndimamva poona odwala, amene amandivutitsa mtima kwambiri ndi akuti, "Komatu amadya bwino, sagona ndi njala." Mayi amanena zimenezi atanyamula mwana wotupa miyendo, bambo amazinena shuga wake atakwera, ndipo ana a gogo amene akuonda mwezi ndi mwezi amanenanso chimodzimodzi. Onsewa sanama, ndipo sindikayikira kuti amakonda odwala awo, koma asokoneza zinthu ziwiri zosiyana, kudzaza mimba ndi kupatsa thupi zimene likufuna. Mimba imakhuta ndi chilichonse chimene chalowamo chochuluka, pamene magazi, ubongo, mafupa ndi minofu zimafuna zinthu zodziwika pa mlingo wodziwika, ndipo mlingowo umasintha malinga ndi msinkhu wa munthu.

Sinditaya nthawi kufotokoza zakudya zopatsa mphamvu, zomanga thupi ndi zoteteza ku matenda, chifukwa mwana wa sukulu aliyense amatha kuzilakatula. Chimene anthu sanachigwire ndi chakuti pa moyo wa munthu pali nyengo zina zimene chosowa sichibwezeretsedwa pambuyo pake, ngakhale chakudya chitadzachuluka bwanji.

Nyengo yaikulu pa zonsezi ndi masiku 1,000 oyambirira, kuwerenga kuyambira pamene mayi watenga pakati mpaka mwana atakwanitsa zaka 2. Ubongo ndi msana wa mwana zimayamba ngati kachubu kakang'ono kamene kamayenera kutsekeka pofika tsiku la 28 chitengereni pakati, nthawi imene amayi ambiri amakhala asanadziwe n'komwe kuti ndi oyembekezera. Vitamini wotchedwa folic acid akachepa m'thupi la mayi m'masabata amenewo, mwana akhoza kubadwa ndi msana wotseguka, ndipo palibe chimene mayi angadye pa miyezi yotsatira chimene chingatseke malo amene anatsalawo. N'chifukwa chake mayi amene akufuna mwana amalangizidwa kuyamba kumwa mamaikirogalamu 400 a folic acid asanaime, ndipo bungwe la World Health Organization limalangiza kuti woyembekezera aliyense azimwa mlingo womwewo tsiku ndi tsiku pamodzi ndi mamiligalamu 30 mpaka 60 a ayironi. Mchere wokhala ndi ayodini nawonso si nkhani yopewa chithokomiro chokha, pakuti ayodini akasowa mayi ali ndi pakati, ubongo wa mwana sukula mokwanira. Mayi amene akuyamba sikelo mimba itaonekera kale kwa aliyense timamulandira ndi kumuthandiza pa zimene zatsala, koma zina zimakhala zitadutsa.

Zimene zachitika m'mimba zimamutsatira munthu mpaka atakula. Mu 1944 ndi 1945, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatsala pang'ono kutha, kumadzulo kwa dziko la Netherlands kunagwa njala yoopsa, ndipo ofufuza atatsatira ana amene anali m'mimba panthawiyo anapeza kuti atakula, mavuto a shuga ndi matenda a mtima ankawagwira kwambiri kuposa anzawo amene njalayo sinawapeze ali m'mimba. Dokotala wa ku England, David Barker, anasonyezanso m'zaka za m'ma 1980 kuti anthu amene anabadwa ndi sikelo yotsika amakhala pa chiopsezo chokulirapo cha matenda a mtima akakula. Choncho pamene tikukakamira kuti mayi woyembekezera adye mokwanira ndiponso mosiyanasiyana, sitikuganizira za tsiku lobereka lokha.

Mwana akabadwa ayambe kuyamwa ola limodzi lisanathe, ndipo mkaka woyamba wachikasu uja usafinyidwire pansi, chifukwa ndi umene uli ndi chitetezo chochuluka. Kwa miyezi 6 mwana ayamwe bere lokha. Ndatopa kumva zoti kunatentha ndiye anamupatsa madzi pang'ono. Pa magawo 100 alionse a mkaka wa m'mawere, pafupifupi 87 ndi madzi, ndipo madzi owonjezerawo amangotenga malo a mkaka m'kamimba kakang'ono, amabweretsa tizilombo totsekula m'mimba, komanso amachepetsa kuyamwa, pamene bere limatulutsa mkaka malinga ndi mmene likuyamwidwira. Uchi usapatsidwe kwa mwana wosakwana chaka, chifukwa ukhoza kukhala ndi tizilombo timene poizoni wake amafooketsa minofu mpaka mwana kulephera kupuma.

Ana ambiri amayamba kubwerera m'mbuyo pakati pa miyezi 6 ndi zaka 2, ndipo chifukwa chake nthawi zambiri chimapezeka m'kambale kawo. Kamimba ka mwana kamalandira mamililita pafupifupi 30 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake, kutanthauza kuti mwana wa makilogalamu 8 amakhuta ndi kapu imodzi yokha. Kapu imeneyo ikadzazidwa ndi phala lamadzimadzi loyenderera pa sipuni, mwana amakhuta, amagona, ndipo aliyense amasangalala, koma thupi lake lalandira madzi ambiri ndi ufa pang'ono. Chakudya cha mwana chikhale cholimbirako, chokhala ndi dzira, nyemba, nsomba kapena nyama yosinja, mafuta pang'ono, masamba obiriwira ndi zipatso. Wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu patsiku, wa miyezi 9 mpaka 23 adye katatu kapena kanayi ndi tina tapakati, uku akuyamwabe. Mu 2022, ana osakwana zaka 5 okwana 148 miliyoni padziko lonse anali opinimbira ndipo 45 miliyoni anali owonda mopitirira, komanso pafupifupi theka la imfa za ana a msinkhu umenewu limakhudzana ndi kusowa kwa zakudya m'thupi. Kupinimbira sikuchititsa makolo mantha chifukwa mwanayo amasewera ngati anzake ndipo amangoti watengera ufupi wa bambo ake, koma chimene chalepheretsa msinkhu kukula chimakhala chitakhudzanso ubongo, ndipo zaka 2 zikadutsa n'kovuta kwambiri kubweza zimene zatayika.

Pali mwana wina wamkazi amene sachoka m'maganizo mwanga. Anali asanakwanitse zaka 2, ndipo analetsedwa kuyamwa mwadzidzidzi mayi ake atatenga pakati pena. Kuyambira pamenepo ankangodya phala lopanda kanthu. Atatsekula m'mimba, a m'banjamo anamuchepetsera chakudya poganiza kuti akupumitsa matumbo, pamene mwana wotsekula m'mimba amayenera kupitiriza kudya, kumwa madzi a ORS, ndi kulandira zinc kwa masiku 10 mpaka 14. Kenako masaya ndi mapazi zinayamba kufufuma, ndipo apa ndi pamene mtima wanga umawawa, chifukwa makolo ake anasangalala kuti mwana wayamba kunenepa. Kunali kutupikana, madzi atadzaza m'thupi, matenda amene dokotala Cicely Williams anawafotokoza kalekale mu 1933 akugwira ntchito m'dziko limene lero ndi Ghana. Tsitsi litayamba kufiira ndi kusosoka, iwo anapita kwa munthu wina wodzitcha katswiri wa zakudya, amene anawagulitsa ufa woti ndi wowonjezera magazi n'kuwauza kuti asapite kuchipatala mpaka ufawo utatha. Ufawo unatha, anagulanso wina, masabata n'kumapita. Pamene anafika naye kwa ife, khungu linali likusupuka, thupi linali lozizira, ndipo mwanayo sankalira ngakhale pomubaya jakisoni.

Mwana wofika pamenepo sapulumutsidwa ndi mbale yodzaza. Mtima, chiwindi ndi matumbo zimakhala zitafooka kotero kuti chakudya chambiri choperekedwa mwadzidzidzi chikhoza kumupha. Timayamba ndi mkaka wapadera wotchedwa F-75, pang'onopang'ono usana ndi usiku, kumufunditsa, kuteteza shuga wa m'magazi kuti asatsike, ndi kumupatsa mankhwala opha tizilombo ngakhale thupi lisakutentha, ndipo ayironi sitimupereka masiku oyambirira. Zonsezi tinachita, koma mwanayo anamwalira. Mayi ake ankangobwereza kuti sanamugonekepo ndi njala, ndipo ankanena zoona. Chimene chimandipweteka ndi chakuti kuyeza kwake n'kosavuta: dinikizani chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu, ndipo pakatsala kadzenje mbali zonse, mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kwa mwana wa miyezi 6 mpaka 59, mkono wa kumtunda ukayezedwa ndi tepi n'kupezeka wosakwana masentimita 11.5, ndiye kuti wanyentchera kwambiri ngakhale akuyenda ndi kusewera. Munthu aliyense amene akukuuzani kuti mudikire kaye mankhwala ake agwire ntchito musanapite kuchipatala ndi mwana wotere akuika moyo wa mwanayo pa malonda.

Za ana a sukulu sindinenapo zambiri, kupatula kuti mwana wopita m'kalasi wosadya kanthu m'mawa amavutika kutsatira phunziro. Koma za atsikana otha msinkhu ndiyenera kuima pang'ono. Thupi lawo likukula mofulumira pomwe mwezi ndi mwezi akutaya magazi, choncho ayironi amafunika wochuluka. Mtsikana wotopa msanga, wochita chizungulire, wopuma movutikira akakwera kachitunda, woyera m'zikope ndi m'manja, amatchedwa waulesi pamene vuto lake ndi kuchepa kwa magazi. Ayironi wa m'nyama, m'chiwindi ndi m'nsomba amalowa m'thupi mosavuta, ndipo wa m'nyemba ndi m'masamba amalowa bwino akadyedwa pamodzi ndi zipatso za vitamini C, pamene tiyi womwera pa chakudya amamutsekereza. Chakumwa chofiira sichiwonjezera magazi chifukwa cha mtundu wake. Kuchepa kwa magazi kumayezedwa, ndipo gwero lake liyenera kufufuzidwa, chifukwa nthawi zina ndi njoka za m'mimba, malungo kapena kutaya magazi kobisika. Pa zaka zomwezi mafupa amasonkhanitsa kashiamu wake, ndipo munthu akamafika zaka 30 amakhala atafika pa mlingo umene adzadalire moyo wake wonse.

Kwa akuluakulu cholakwa chomwecho chimaonekera mwa njira ina, chifukwa thupi lalikulu limatengedwa ngati umboni wa thanzi. Mu 2022, munthu mmodzi pa anthu 8 alionse padziko lonse anali wonenepa mopitirira muyeso, ndipo munthu wotere akhoza kukhalanso ndi magazi ochepa kapena kusowa mavitamini, popeza mafuta a m'thupi amachokera ku mphamvu yotsala osati ku chakudya chabwino. Malangizo a World Health Organization ndi omveka: mchere usafike magalamu 5 patsiku, amene ndi osakwana sipuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo wobisika m'zakudya zogula zokonzeratu, shuga wothira asafike magawo 10 pa 100 a mphamvu ya tsiku, amene kwa munthu wamkulu ndi masipuni aang'ono pafupifupi 12, kuwerengera ndi wa m'zakumwa zotsekemera, ndipo zipatso ndi ndiwo zamasamba zikwane magalamu 400. Kuthamanga kwa magazi sikupweteka, ndipo anthu ochuluka amene ali nako sadziwa mpaka atafa ziwalo kapena impso zitawonongeka. Musadikire mutu kuti uwawe, pitani mukayezetse.

Apa ndi pamene ogulitsa zabodza amapezera phindu lalikulu. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pali tiyi wotsuka m'thupi, ufa wosungunula mafuta ndi mapiritsi othetseratu shuga. Ntchito yochotsa zoipa m'magazi ndi ya chiwindi ndi impso, ndipo tiyi wambiri wotereyu amangotsekula m'mimba n'kukhetsa madzi, munthu n'kuona ngati waonda. Ndaonapo odwala shuga amene anasiya mankhwala awo chifukwa cha malonjezo otere, n'kubwera ali chikomokere kapena ali ndi chilonda cha kuphazi chosapola. Kudya moyenera kumathandizadi kutsitsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo nthawi zina mankhwala amachepetsedwa, koma wochepetsa akhale dokotala amene wakuyezani. Ngakhale mavitamini enieni ali ndi malire ake, pakuti vitamini A wochuluka akhoza kupundula mwana ali m'mimba.

Okalamba ndi amene amaiwalika, chifukwa kuonda kwawo kumatengedwa ngati ukalamba chabe. Zoona zake n'zakuti ngakhale mphamvu imene amafuna imachepa, zomanga thupi zimafunikabe mokwanira chifukwa minofu imatha ndi zaka, ndipo minofu ikatha munthu amagwa, kuthyoka chiuno, n'kukhala chigonere. Mano akaguluka, gogo amasiya nyama ndi zipatso n'kutsalira pa zofewa zopanda kanthu, pamene akanangofunika kumusinjira kapena kumuphikira mofewa. Ludzu silimveka msanga pa ukalamba, choncho madzi aziperekedwa osadikira kuti apemphe. Mimba yokalamba imavutikanso kutenga vitamini B12, ndipo kusowa kwake kumabweretsa dzanzi m'mapazi, kuchepa kwa magazi ndi kuiwalaiwala kumene achibale amakutcha kusokonezeka mutu, chonsecho kuli ndi mankhwala ake kukapezeka msanga. Wokalamba amene zovala zayamba kumukhwepa popanda chifukwa chodziwika, kapena amene chilakolako cha chakudya chamuthera kwa masabata angapo, akapimidwe mwamsanga, chifukwa kuseri kwa kuonda kotere timapezako chifuwa chachikulu, shuga, khansa, kuvutika maganizo kapena mankhwala amene sakumuyanja, ndipo kumugulira botolo la mavitamini kumangochedwetsa kupeza nthenda yeniyeniyo.