Gagarin ankagwa, sankauluka

Chaka chilichonse ndikafika pa mutu wa mphamvu yokokera zinthu pansi, ndimafunsa ana a sekondale funso limodzi: n'chifukwa chiyani anthu a m'zombo za m'mlengalenga amayandama? Yankho lake ndimalidziwa lisanatuluke pakamwa. "Kumeneko kulibe mphamvu yokoka, aphunzitsi." Anawo sindiwaimba mlandu. Chimene chanditopetsa n'chakuti akuluakulu, ena ophunzira bwino ndithu, amanenanso zomwezo, n'kuwonjezerapo kuti Yuri Gagarin ndiye anayamba kuponda pamwezi.

Gagarin, wa ku Soviet Union, anali munthu woyamba kupita m'mlengalenga, koma sanayandikire n'komwe kumwezi. Pa 12 Epulo 1961 chombo chake, Vostok 1, chinanyamuka ku Baikonur, ku Kazakhstan, ndipo pamene chinakwera kwambiri chinafika makilomita 327. Mtunda umenewo ndi wofanana ndi msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre mutauimika chilili. Pamenepo dziko limakoka ndi mphamvu pafupifupi 90 peresenti ya mmene likukukokerani inu pampando pomwe mwakhalapo. Mwezi uli pa makilomita 384,000, ndipo nawonso dziko laugwira osautaya. Ndiye mphamvu imene yagwira mwezi ingalephere bwanji kugwira munthu amene ali pakhomo pomwepa?

Zoona zake n'zakuti Gagarin ankagwa. Ponyani mwala chopingasa, ugwa patsogolo panu. Uponyeni mwamphamvu, ugwera patali. Mutauponya pa liwiro la makilomita pafupifupi 8 pa sekondi imodzi, pamwamba pomwe mpweya sungautsekereze, uzigwabe, koma dziko ndi lobulungira, limapindika pansi pake pa mlingo womwewo umene mwalawo ukugwera. Ndiye umangogwa osafika. Chombo, munthu, pensulo yake ndi madzi ake akumwa zonse zimagwera limodzi, n'chifukwa chake palibe chimene chimatsamira chinzake. Thupi lenilenilo limamva kuti likugwa. Gherman Titov, amene anatsatira mu Ogasiti 1961 n'kukhala tsiku lathunthu, anachita nseru mpaka kusanza, chifukwa ziwalo za m'kati mwa khutu zimene zimatiuza kuti kumwamba n'kuti zinasokonezeka.

Kukwera m'mwamba ndi mbali yaing'ono ya ntchitoyi. Alan Shepard wa ku America anakwera makilomita 187 pa 5 Meyi 1961 n'kutsikira m'nyanja patatha mphindi 15, ngati mwala woponyedwa m'mwamba. Gagarin anazungulira dziko lonse, ndipo ulendo wake unatenga mphindi 108. Kusiyana kwawo kunali liwiro. Aamerika anadikira mpaka pa 20 Febuluwale 1962 kuti John Glenn azungulire dziko katatu.

Tsono apa ndi pamene cholakwika chija chimandipweteka, chifukwa munthu akaganiza kuti amenewa ankangoyandama pamalo opanda mphamvu, sangamvetse chimene chinkawapha. Munthu amene akuthamanga makilomita 28,000 pa ola ayenera kuima. Mafuta oti aimitse liwiro lonselo palibe, ndiye amagwiritsa ntchito mpweya wa dziko ngati mabuleki, ndipo liwiro lonse lija limasanduka moto kunja kwa chombo. Gagarin anakhala m'chimpira chachitsulo cha mamita 2.3 m'mimba mwake. Pobwerera, gawo la zipangizo limene linayenera kuduka linatsala lomangika ndi mtolo wa mawaya, chombo n'kuyamba kupidiguka, iye ali m'kati akuona malawi pazenera, mpaka mawayawo anaduka. Atatsika kufika makilomita 7 anaponyedwa kunja ndi mpando wake n'kutera ndi parachuti yakeyake m'munda wa m'chigawo cha Saratov. Boma la Soviet Union linabisa zimenezi kwa zaka, poopa kuti bungwe lolemba mbiri za ndege likana ulendowo chifukwa sanatere ali m'chombo. Glenn nayenso anatsika atauzidwa kuti asataye maroketi ake obwezera, chifukwa kachipangizo kena kankasonyeza kuti chishango choteteza ku moto chamasuka. Kunapezeka kuti kachipangizoko ndiko kanali kolakwika, koma iye analowa m'motomo asakudziwa.

Nkhani imene sindimatha kuiphunzitsa mtima uli m'malo ndi ya Vladimir Komarov.

Anali injiniya wa ku Soviet Union wazaka 40, munthu woti anali atapitapo kale m'mlengalenga mu Okutobala 1964 ndi chombo cha Voskhod 1. Mu 1967 anamusankha kuti ayese chombo chatsopano, Soyuz, ndipo womulowa m'malo akanadwala anali Gagarin. Chombochi chinali chitayesedwa chopanda munthu, ndipo palibe ulendo ngakhale umodzi umene unayenda bwino. Choyamba, mu Novembala 1966, chinalephera kudziwongolera n'kutayika. Chachiwiri chinaphulika chisananyamuke n'komwe. Chachitatu, mu Febuluwale 1967, chinabooka chishango pobwerera n'kumira m'nyanja ya Aral. Mwana wa Fomu 2 amene zoyesa zake zakanika katatu m'labu amadziwa kuti sanamalize. Koma chaka chimenecho dziko lawo linkakwanitsa zaka 50 chichitikireni chisinthiko cha 1917 chimene chinabweretsa boma la chikomyunizimu, mpikisano ndi America wopita kumwezi unali utafika povuta, ndipo akuluakulu ankafuna chooneka ndi maso.

Komarov ananyamuka pa 23 Epulo 1967. Atangofika, limodzi mwa mapanelo awiri a sola linakana kutambasuka. Magetsi anachepa, zipangizo zowongolera chombo zinayamba kuvuta, ndipo chombo chachiwiri chimene chinayenera kunyamuka mawa lake ndi anthu atatu anachiimitsa. Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti mavuto onsewa Komarov anawagonjetsa. Anawongolera chombo ndi manja, anayatsa injini yobwezera pa nthawi yake, anadutsa m'moto uja ali moyo. Mbali yovutitsitsa inali itatha. Chinatsala chinali nsalu ndi zingwe. Kaparachuti kakang'ono kanatuluka, koma kanalephera kusolola parachuti yaikulu m'chimake. Yachiwiri, yosungira ngozi, inatuluka n'kukolana ndi kakang'ono kaja. Chombo chinamenya pansi kufupi ndi Orsk m'mawa wa pa 24 Epulo n'kuyaka moto.

Ndikaima patsogolo pa kalasi ndimakakamira pamenepa nthawi yaitali, mwina kuposa mmene silabasi imalolera. Munthuyu anachita zonse zimene anaphunzitsidwa, ndipo anazichita bwino. Anafa chifukwa anthu amene anali ndi mphamvu yonena kuti "dikirani" anaona zizindikiro katatu n'kupitiriza. Makolo athu anati kuthamanga si kufika. Zombo za Soyuz zinaima miyezi 18 zisananyamulenso munthu, kutanthauza kuti nthawi imene ankaithawayo anailipirabe, n'kuwonjezerapo moyo wa munthu.

Aamerika asaoneke ngati anali ochenjera. Miyezi itatu izi zisanachitike, pa 27 Januwale 1967, Gus Grissom, Ed White ndi Roger Chaffee anapsa m'chombo cha Apollo 1 chili pansi, pa zoyeserera chabe. M'chombomo anadzaza okosijeni yekhayekha wopanikizidwa, munali nsalu ndi zomatira zogwira moto, ndipo chitseko chinkatsegukira m'kati, ndiye mpweya utafufuma ndi moto sichikanatheka kutsegulidwa. Kumapeto kwa Juni 1971, Asovieti atatu, Georgy Dobrovolsky, Vladislav Volkov ndi Viktor Patsayev, ankabwerera kuchokera ku siteshoni ya m'mlengalenga ya Salyut 1 pamene kavalavu kamodzi kanatseguka nthawi isanakwane, mpweya wonse n'kuthawa. Sanavale zovala zosunga mpweya chifukwa malo a anthu atatu ovala choncho munalibe. Chombo chinatera bwinobwino, okawalandira anatsegula chitseko n'kuwapeza ali m'mipando yawo, atafa. Parachuti, chitseko, valavu. Zonsezi ndi zinthu zimene makanika aliyense angazimvetse.

N'chifukwa chake ndimapsa mtima ndi akatswiri a pa Facebook ndi TikTok. Ana amandibweretsera mavidiyo pafoni, wina akulankhula ndi mawu onjenjemera, nyimbo yachisoni pansi, akuti mverani Komarov akulira ndi kutukwana amene anamutumiza. Zolembedwa za zokambirana zake ndi anthu a pansi zimasonyeza munthu wopereka malipoti modekha mpaka mawu atadukira pa nthawi yolowa mumpweya. Kumusandutsa munthu wobangula n'cholinga choti vidiyo iwonedwe ndi ambiri ndi kumubera chinthu chokhacho chimene anatsala nacho, ukatswiri wake. Ena amafalitsa za anthu amene akuti anatumizidwa Gagarin asanapite n'kutayika m'mlengalenga, nkhani yochokera kwa anyamata awiri apachibale a ku Turin, ku Italy, amene ankati anawamva pa wailesi yawo. Ngozi zimene zinabisidwadi zinatuluka, monga ya Valentin Bondarenko amene anapsa pa maphunziro mu Malichi 1961, imene inaululidwa mu 1986, ndipo Soviet Union itatha mu 1991 mafayilo ambiri anatsegulidwa. Anthu otayikawo sanapezekemo.

Oopsa kwambiri ndi aja amati maulendo onse a m'mlengalenga anajambulidwa mu situdiyo. Amenewa amawononga mwana, chifukwa amamuphunzitsa kuti kukayika chilichonse ndiye nzeru, ndipo mwana wotero akazolowera sawerenganso, amangoseka. Makolo, musadikire kuti zimusiya yekha. Mwana akayamba kunena zimenezi ali Fomu 1, khalani naye pansi sabata yomweyo, mupite naye kwa mphunzitsi wake wa sayansi, awerengere yekha pa pepala liwiro lofunika kuti chinthu chizungulire dziko. Masamu ake ndi a sekondale. Ndaona ana amene anafika Fomu 4 atakhuta kale mavidiyo amenewa, ndipo kuwabweza kunali ntchito yowawa kuposa kuwaphunzitsa koyamba. Mufunseninso kuti Soviet Union, imene inali ndi zida zotsatira zombo za Apollo ndiponso chifukwa chachikulu chochititsira manyazi America, inalekeranji kuulula bodzalo pamene Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin anatera pamwezi mu Julayi 1969.

Mu Ogasiti 1971 David Scott wa Apollo 15 anasiya pamwezi kachifanizo kakang'ono ka aluminiyamu ndi kachikwangwani kokhala ndi mayina 14 a anzawo amene anamwalira, Aamerika ndi Asovieti pamodzi. Dzina la Komarov lilipo, la Grissom lilipo, la Gagarin amene anafa pa ngozi ya ndege mu 1968 liliponso. La Bondarenko palibe, chifukwa pa nthawiyo imfa yake inali ikadabisidwa.