Musadikire zotsatira za matric

Ana athu ambiri kuno ku Joni amakhulupirira kuti malo ku yunivesite amafunsira zotsatira za matric, mayeso omaliza a Grade 12, zikatuluka mu Januwale. Ayi ndithu, pofika nthawi imeneyo zitseko zimakhala zitatsekedwa kale. Wits ndi UJ, mayunivesite a kuno ku Joni, zimalandira mafomu pa intaneti mwana akadali mu Grade 12, ndipo poyamba zimayang'ana mmene anakhozera Grade 11. Ku Wits amasiya kulandira mafomu a maphunziro ambiri pa 30 Seputembala, a udokotala pa 30 Juni.

Ndiye iwe uli mu Grade 11, usamati chaka chino n'chopumira.

Mphwanga anakhoza bwino kwambiri, koma fomu sanadzaze. Anatha chaka chathunthu ku Yeoville akuthandiza mayi ake kuunjika tomato pa tebulo. Mpaka lero zimandiwawa.