Mliri wa makoswe: zimene unachita ku Ulaya m'zaka za m'ma 1300 ndi zoyenera kudziwa lero

Mu Okutobala 1347, zombo za amalonda zochokera ku nyanja ya Black Sea zinakocheza pa doko la Messina ku Sicily, chilumba cha ku Italy. Amalinyero ena anali atafera m'njira, ena akubuula ndi zotupa m'khwapa ndi m'mphechepeche. Pofika 1351, munthu mmodzi mwa atatu aliwonse ku Ulaya anali atamwalira, ndipo akatswiri ena a mbiri yakale amati anafa ndi theka la anthu. Mliriwu unakanthanso Egypt, Syria ndi kumpoto kwa Africa.

Chimayambitsa matendawa n'chiyani?

Ndi kachilombo kotchedwa Yersinia pestis, kamene dokotala Alexandre Yersin anakazindikira ku Hong Kong mu 1894. Kamakhala m'makoswe ndi mbewa. Utitiri ukayamwa magazi a khoswe wodwala umatenga kachilomboko, ndipo khosweyo akafa, utitiri umasaka magazi ena, nthawi zambiri a munthu. Kachilomboka kakalowa m'mapapo, munthu amapatsira mnzake pokhosomola. Anthu a nthawi imeneyo sankadziwa zimenezi. Ena ankati ndi mpweya woipa, ena nyenyezi, ena mkwiyo wa Mulungu.

Minda yopanda olima

Ku England mliriwu unalowa mu 1348. Tirigu anawolera m'munda chifukwa chosowa womukolola, nkhosa zinkangoyendayenda zopanda abusa, ndipo midzi ina inasanduka mabwinja. Alimi ambiri nthawi imeneyo sanali mfulu: ankalima minda ya eni malo, ndipo sankaloledwa kusamuka popanda chilolezo. Koma anthu atachepa, otsalawo anaona kuti manja awo akwera mtengo. Mwinimunda akakana kuwonjezera malipiro, mlimi ankanyamuka n'kupita kwa wina amene akulipira bwino.

Olemera sanakondwe. Mu 1349 Mfumu Edward III analamula kuti malipiro akhale momwe analili mliri usanabwere, ndipo mu 1351 nyumba ya malamulo inalimbitsa lamulolo. Wokana ntchito ankatha kuponyedwa m'ndende. Koma lamulo silikolola tirigu, ndiye eni minda omwewo ankalipira mobisa kuposa zimene lamulo linkanena. Mkwiyo wa alimi unaphulika mu 1381, pamene boma linawaunjikira msonkho wa munthu aliyense. Motsogozedwa ndi Wat Tyler anaguba mpaka ku London. Anagonjetsedwa, komabe ukapolo wa m'minda unayamba kutha pang'onopang'ono.

Si kulikonse kumene osauka anapindula. Ku Egypt ulimi unkadalira ngalande ndi madamu a mtsinje wa Nile, zimene zinkafuna manja ambiri chaka ndi chaka. Anthu a kumidzi atafa, ngalandezo zinakwiririka, ndipo zokolola zinatsika kwa nthawi yaitali.

Mantha anapha anthu amene mliri unawasiya

Apa m'pamene pali chinthu chopweteka mtima kwambiri. Anthu atasowa chimene chikuwapha, anayamba kuloza chala. Mphekesera inafalikira yoti Ayuda akuthira poizoni m'zitsime. Ku Strasbourg, mzinda womwe lero uli ku France, mu Febuluwale 1349, Ayuda mazanamazana anatenthedwa amoyo, mliri usanafike n'komwe mumzindamo, ndipo ngongole zimene anthu anali nazo kwa iwo zinafufutidwa. Papa Clement VI anadzudzula nkhanzazi, n'kukumbutsa anthu kuti Ayudanso akufa ndi matenda omwewo, koma m'mizinda yambiri sanamumvere. Magulu ena ankayenda mzinda ndi mzinda akudzikwapula ndi zikoti pofuna kupepesa Mulungu. Ansembe ambiri anafa chifukwa chokhala pafupi ndi odwala, ndipo mitembo inkaunjikidwa m'maenje aakulu popanda mwambo wa maliro.

Chimene chinathandiza chinali china. Mu 1377 mzinda wa Ragusa, womwe lero ndi Dubrovnik ku Croatia, unalamula kuti obwera kuchokera kumadera a mliri akhale kwaokha masiku 30 asanalowe mumzinda. Mu 1423 mzinda wa Venice ku Italy unapatula chilumba chosungirako odwala. Sankadziwa za kachilombo, koma anaona kuti kupatula odwala kumateteza otsala.

Matendawa alipobe

Mu 2017 ku Madagascar anthu oposa 2,000 anadwala ndipo pafupifupi 200 anamwalira. Amapezekanso ku Congo ndi ku Peru, ndipo kuno kwathu anabuka ku Nsanje mu 2002. Kusiyana kwake n'kwakuti lero ali ndi mankhwala, monga doxycycline, ciprofloxacin ndi gentamicin, amene amachiza ngati wodwala wafika msanga kuchipatala.

Zizindikiro zimayamba pakati pa tsiku limodzi ndi masiku 7 munthu atatenga kachilomboka: kutentha thupi mwadzidzidzi, kuzizidwa, mutu, kufooka, ndi mwanabere wopweteka kwambiri m'mphechepeche, m'khwapa kapena m'khosi. Ngati wodwala akukhosomola, akubanika kapena akulavula magazi, musagone naye kunyumba kudikira m'mawa, chifukwa mtundu wa m'mapapo ukhoza kupha pasanathe tsiku limodzi. Womusamalira avale chotchinga kukamwa ndi mphuno, ndipo nayenso akaonedwe ndi achipatala. Musatumbule mwanabereyo kapena kutemapo mphini.

Makoswe akayamba kufa okha ambiri m'mudzi, dziwitsani mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo. Musawagwire ndi manja, ndipo uzani ana asatole mbewa zimene azipeza zitafa kale. Ndipo musathamangire kuthira chiphe cha makoswe: achipatala ayambe apopera mankhwala opha utitiri, chifukwa khoswe akafa utitiri uli wamoyo, umasamukira kwa anthu a m'nyumbamo. Sungani chimanga m'nkhokwe kapena m'matumba otsekedwa bwino kutali ndi pogona, lambulani tchire lozungulira nyumba, ndipo thupi la munthu womwalira ndi matendawa lisambitsidwe ndi kuikidwa motsogozedwa ndi azaumoyo.