Kukana kuyezedwa mowa sikupulumutsa dalaivala ku America

Ku America kumamveka mphekesera yakuti dalaivala amene waledzera, apolisi akamugwira, angokana kuuzira mpweya m'kachipangizo koyezera mowa, mlandu uthera pomwepo chifukwa palibe umboni. Limeneli ndi bodza, ndipo limandidetsa nkhawa chifukwa limalimbitsa mtima anthu ogwira chiwongolero atamwa.

M'zigawo zonse 50 za dzikolo, lamulo limatenga kuti aliyense woyendetsa galimoto pa msewu wa boma anavomereza kale kuyezedwa ngati wamangidwa pomuganizira kuti waledzera. Choncho pafupifupi m'zigawo zonse kukanako kuli ndi chilango chakechake. Ku New York, wokana koyamba amalandidwa laisensi kwa nthawi yosachepera chaka chimodzi ndipo amalipira chindapusa cha madola 500, ngakhale khoti litadzamupeza wosalakwa pa mlandu wa kuledzerawo. Ku California nakonso laisensi imaimitsidwa chaka chathunthu.

Umboni nawo susowa. Wapolisi amalemba zimene waona ndi kumva: fungo la mowa, maso ofiira, lilime lolemera polankhula, ndiponso kudzandira pamene munthuyo wauzidwa kuyenda mowongoka pamzere. M'chaka cha 1983, Khoti Lalikulu la dzikolo linagamula kuti kukanako kukhoza kuperekedwa m'khoti ngati umboni, ndipo apolisi angathenso kupempha chilolezo kwa woweruza kuti atenge magazi.

Malire a mowa m'magazi ndi 0.08 peresenti, kupatula ku Utah komwe anawatsitsa kufika pa 0.05 mu Disembala 2018, koma ngakhale amene sanafike pamenepo angathe kuimbidwa mlandu ngati zaoneka kuti mowa wasokoneza kayendetsedwe kake.